Modemu ikakana kugwira pa kompyuta ya Linux

Modemu ya USB imene anthu amabaya m'mbali mwa laputopu ndi mdzukulu wa modemu zakale zimene zinkaimba nambala pa lamya ya waya, n'kuyamba zalira kaye zisanalumikize. Mpaka lero imamvera malamulo oyamba ndi zilembo AT, amene kampani ya Hayes inayambitsa mu 1981. Ku Mozambique maimelo oyamba ankayenda m'njira yoimbayi kuchokera ku CIUEM, likulu la zamakompyuta la Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mawaya a lamya sanafike m'midzi yambiri ya kumapiri a Angónia, choncho anthu a ku Ulónguè, Dómuè ndi Calómuè anadziwira intaneti pa SIM khadi ya Vodacom, ya mcel (imene pano ndi Tmcel) kapena ya Movitel, kampani imene inayamba mu 2012. Ngakhale zili choncho, modemu zambiri za 3G zimaimbabe nambala, *99#, ndi kulumikiza kudzera mu PPP monga kale.

Pali mphekesera yosatha yakuti Linux ndi modemu sizimwerana madzi. Munthu akabaya modemu pa Ubuntu kapena Linux Mint koma osaona kanthu, amauzidwa kuti modemuyo yapsa, kapena kuti kompyuta ifomatidwe aikemo Windows. Ena amataya mafayilo awo onse ndi ndalama pamwamba chifukwa cha malangizo opanda mutu amenewa. Nthawi zambiri modemuyo imakhala ilibe vuto lililonse.

Chimene chimachitika n'chakuti modemu zambiri za Huawei ndi ZTE zikangobayidwa sizidziulula kuti ndi modemu. Zimauza kompyuta kuti ndi CD. M'kati mwake muli kachipangizo kosunga pulogalamu ya Windows, ndipo opanga anachita dala zimenezi kuti asamaike CD yeniyeni m'kabokosi. Windows ikaika pulogalamuyo, imatumiza kauthenga kachidule ku modemu, modemu n'kudzizimitsa kwa kanthawi, n'kudzuka ndi nambala ina yodzidziwitsira, tsopano ngati modemu. Linux siyendetsa pulogalamu ya Windows ija, ndiye kauthengako sikapita, ndipo chipangizocho chimangokhala chili CD mpaka kalekale. Umboni wake umaoneka polemba lsusb pa terminal. Mzere wa modemu umaonetsa manambala awiri olekanitsidwa ndi madontho awiri: yoyamba ndi ya kampani, 12d1 ngati ndi Huawei, 19d2 ngati ndi ZTE, yachiwiri ndi imene imasintha modemu ikatembenuka. Ntchito yotumiza kauthengako pa Linux ndi ya pulogalamu yaing'ono yotchedwa usb_modeswitch. Ubuntu ndi Mint za masiku ano zimabwera nayo kale. Pamene palibe, pamakhala chinthu choseketsa: pulogalamu yotsegulira intaneti imafuna intaneti kuti ipezeke, ndiye imayenera kutengedwa pa fulashi kwa mnansi amene intaneti yake ikugwira.

Modemu ikatembenuka bwino, lamulo la dmesg limaonetsa makomo atsopano monga ttyUSB0, ttyUSB1 ndi ttyUSB2. Si onse oimbirapo. Pulogalamu ya wvdialconf imagogoda pa khomo lililonse n'kulemba limene layankha mu fayilo ya /etc/wvdial.conf. Zinthu ziwiri zimasokoneza pamenepa. Wogwiritsa ntchito amene sali m'gulu la dialout saloledwa kutsegula khomolo, ndipo pulogalamu ya ModemManager ikakhala ikuyenda imalanda khomo lomwelo, moti wvdial, pulogalamu yoimbira nambala, imadandaula kuti chipangizo n'chotanganidwa. ModemManager ndi wvdial siziyenera kugwira ntchito nthawi imodzi.

Kuchokera apa modemu imatha kufunsidwa yokha. AT ikayankhidwa kuti OK, ndiye kuti ili moyo. AT+CPIN? iyenera kubweza READY. Ikanena SIM PIN, khadi likudikira nambala yachinsinsi basi. AT+CSQ imapereka mphamvu ya netiweki kuyambira 0 mpaka 31, ndipo 99 imatanthauza kuti modemu yalephera kuyeza. Nambala yosafika 10 ndi yofooka. M'dera la mapiri ndi zigwa ngati Angónia, nyumba imene ili kuseri kwa phiri ikhoza kukhala pa 6 pamene ya pamtunda ili pa 20. Chingwe cha USB chofikitsa modemu pawindo chimathandiza, koma chikatalika kwambiri kapena chikakhala chopyapyala chimachepetsa magetsi, ndipo modemu imazima n'kuyakanso pa nthawi imene yayamba kutumiza. Vuto limeneli ndi limene ambiri amanamizira kuti ndi "vayirasi".

Malire nawo ali ndi zawo. Kufupi ndi Calómuè, moyang'anizana ndi Dedza, nsanja za TNM ndi Airtel za ku Malawi zimatha kumveka mwamphamvu kuposa za ku Mozambique. Modemu yosiyidwa kuti izisankha yokha ikhoza kudziphatika kumeneko, n'kukanidwa kapena kudya saldo pa mtengo wa kunja. AT+COPS? imaulula kumene yagwira: imatchula dzina la kampani kapena nambala, ndipo nambala yoyamba ndi 643 ndi ya Mozambique, pamene 650 ndi ya Malawi. Mankhwala ake ndi kusankha netiweki pamanja.

Zonsezi zikakhala bwino koma kuimba n'kumathera pa NO CARRIER, kapena PPP n'kumaduka itangoyamba, choyamba kukayikira ndi APN yolakwika pa mzere wa AT+CGDCONT. Kampani iliyonse ili ndi yake. Mamega otha ndi SIM yosalembetsedwa zimabweretsanso zizindikiro zofanana, ndipo foni wamba imatsimikizira msanga. Ngati kulumikiza kwatheka koma masamba sakutseguka, pamene ping ya ku 8.8.8.8 ikuyankha, vuto ndi DNS, ndipo poyang'ana ndi mu /etc/resolv.conf.

Modemu zina za 4G, monga Huawei za mtundu wa HiLink, siziimba nambala n'komwe. Linux imaziona ngati khadi la netiweki, wvdial ilibe nazo ntchito, ndipo PIN, APN ndi kusankha netiweki zimakonzedwa pa tsamba la modemuyo limene limatseguka polemba 192.168.8.1 mu browser.