Mtima wa wantchito ukawawa, katundu amayamba kusowa

M'chaka cha 1990, katswiri wa ku America wofufuza khalidwe la anthu pa ntchito, Jerald Greenberg, adatulutsa zomwe adapeza m'mafakitale a kampani ina. Malonda atavuta, kampaniyo idadula malipiro a antchito ndi 15 peresenti kwa masabata 10 m'mafakitale awiri. Kufakitale ina akuluakulu adakhala pansi ndi antchito, n'kufotokoza bwinobwino chomwe chidatsitsa dzaye, n'kupepesa. Kwinako adangolengeza mwachidule basi. Kuba kudakwera konseku, koma kudanyanya kumene anthu sadawalankhule mwaulemu, ndipo kumeneko ambiri adasiyanso ntchito.

Ndalama zomwe adawadula zinali zofanana. Kusiyana kudali pa momwe adawauzira.

Asayansi amati munthu akakhala nthawi yaitali ali wokwiya kapena wodera nkhawa, thupi limatulutsa kwambiri timadzi totchedwa cortisol, ndipo mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imatithandiza kudziletsa, imafooka. Kusagona mokwanira kumawonjezera vutoli. Kafukufuku wa Christopher Barnes ndi anzake mu 2011 adapeza kuti anthu osowa tulo sachedwa kuchita chinyengo. Ndiye kujomba, kukalipira makasitomala, kulemba malisiti abodza, zonsezi zimayamba kuoneka ngati kubweza moto. Munthu amadziuza kuti akungotenga zomwe adamulanda.

Komatu si aliyense wopsa mtima amene amaba. Wokwiyayo amayamba wayang'ana zomwe akuchita mabwana ake. Ngati iwo amasunga malamulo, ndipo pali khomo lokatulira madandaulo popanda kuopa kuchotsedwa, mkwiyo umathera pakamwa. Ngati ayi, umapita m'manja.

Banki ya Wells Fargo ku America inali ndi malamulo okoma papepala. Koma antchito ankapanikizidwa kuti atsegule maakaunti ochuluka mopyola muyeso, ndipo chifukwa cha mantha, ambiri adayamba kutsegulira anthu maakaunti eni ake osadziwa. Mu 2016 bankiyo idalipitsidwa madola 185 miliyoni, ndipo zidadziwika kuti idachotsa antchito pafupifupi 5,300. Zimandiwawa kuti chikwapu chidayambira kwa anthu wamba a pakauntala, pomwe moto udakolezedwa pamwamba.

Sindikuikira kumbuyo wakuba, wolakwa alangidwe. Koma inu abwana, musanagule makamera ena ndi kuwonjezera alonda pageti, itanani antchito anu muwafunse chikuwadya mumtima, ndipo malipiro akachedwa, auzeni zoona tsiku lake lisanafike.