Mtengo wa Dzino pa Doko la Yofu

Pamchenga wa ku Yofu, kumpoto kwa chilumba cha Likoma, kumene asodzi amakocheza m'bandakucha, nyali zitazima ndipo usipa uli mbuu m'mabwato, ndinaonapo anyamata awiri a chilimira chimodzi akulimbana pa kagawidwe ka ndalama. Ndipo mawu atawathera, monga atherera anthu amene achezera panyanja usiku wonse m'mimba muli pululu, wina anatukula nkhafi nakantha nayo mnzake pakamwa, dzino lakutsogolo n'kugwera mumchenga. Tisanathe n'komwe kumsambitsa wovulalayo, khamu linali litagawika kale. Akuluakulu anati: "Itanani atsibweni ake, nkhaniyi ikagone kwa amfumu." Achinyamata anati: "Iyayi agogo, akatenge kalata kupolisi, apite nayo kuchipatala, ameneyu akaone ndende." Mbali zonse ziwiri zinali kufuna chilungamo, koma sizinali kufunsa funso limodzi.

Makolo athu, munthu akavulaza mnzake, ankayamba afunsa kuti, kodi wopwetekayu amufafaniza ndani misozi? Mlandu sunali wa mwini dzanja yekha ayi, unali wa mbumba yonse, kotero kuti mtsibweni amene sanaiwone nkhafi ikutukulidwa ndiye ankatsegula khola, natulutsa nkhuku, mbuzi kapena makasu monga mwa kukula kwa bala. Ndipo wolakwayo, poona chuma cha alongo ake chikutuluka pakhomo chifukwa cha ukali wake, ankalandira chilango chimene sichitha ndi kulowa kwa dzuwa, pakuti m'nyumba momwemo ankamkumbutsa tsiku ndi tsiku. Mlandu suwola, ankatero akale, ndiye kuti ngongole ya magazi inkatha kudikira zaka, kufikira itabwezedwa, mabanja awiri n'kudyeranso mbale imodzi.

Achinyamata ena amayesa kuti kulipira bala ndi chizolowezi cha anthu osadziwa kulemba, ndi kuti Angelezi anabadwa ndi ndende m'manja. Sizili choncho. Mfumu Aethelberht ya ku Kent, yomwe inalandira Augustine Woyera ku Canterbury m'chaka cha 597, kumene kuli tsinde la mpingo umene timapempheramo pachilumba pano, inalembetsa malamulo amene mbali yake yaikulu ndi mitengo ya ziwalo za munthu: diso, khutu, chala, nthiti, chilichonse ndi dipo lake, ndipo dzino lililonse mwa mano anayi akutsogolo linali la masheleni 6. Mfumuyo ikadaima nafe pamchenga m'mawa uja, ikadagwirizana ndi agogo, osati ndi adzukulu. Ngakhale m'chilamulo cha Mose, pa Eksodo 21, wokantha mnzake ndi mwala kapena nkhonya, mnzakeyo nadzuka osafa, analamulidwa kumlipira masiku amene anagona osagwira ntchito ndi kumsamala mpaka achire.

M'kupita kwa zaka mafumu a ku England anautenga mlandu m'manja mwa mabanja nauyesa wawo, nati wokhetsa magazi wasokoneza mtendere wa mfumu. Ndipo ganizo limeneli, litakhwima m'lamulo lawo la 1861 la milandu yolakwira thupi la munthu, ndiponso m'buku la malamulo limene Sir Samuel Griffith anakonzera dziko la Queensland mu 1899, linadzera m'maofesi a atsamunda kufikira linakocheza kwathu, pamene buku la milandu ndi zilango la Nyasaland linayamba kugwira ntchito mu 1930. Ndilo lomwe tili nalo lero, ngakhale lasokedwa zigamba zambiri. Lili ndi makwerero ake: kungomenya munthu, kufikira chaka chimodzi m'ndende, kumenya kosiya bala, kufikira zaka 5, kuvulaza koopsa, kufikira zaka 14, ndipo pamwamba pa zonse, kupha. Koma taonani chimene chinasintha: m'khoti wodandaula ndi Boma, ndipo mwini dzino, amene adzatafunira kondowole mbali imodzi moyo wake wonse, wasanduka mboni chabe pa mlandu wa pakamwa pake. N'zoona kuti woweruza ali nayo mphamvu yolamula chipepeso, ndi yoyanjanitsa anthu pa ndewu zazing'ono. Koma msodzi amene watsekeredwa kutsidya la nyanja sapha usipa, ndipo wosapha usipa alipira ndi chiyani?

Komabe munthu wa pa Likoma ndiye wotsiriza kuyenera kutama zakale mosasankha, pakuti dzina la Chipyela limtsutsa. Pamene amishoni a UMCA anakhazikika pachilumba mu 1885, malo a Chipyelawo anali ootcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo Chauncy Maples, amene anadzakhala bishopu namira m'nyanja yomweyi mu 1895, anaziona zimenezi ndi maso. Ndicho chifukwa chake tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene anayamba kumanga mu 1903, chinaimikidwa pomwepo, kuti pamene panali kufuka utsi wa anthu pazimveka nyimbo. Bwalo lomwe lija lodziwa kuyeza bala ndi mbuzi linkamwetsanso anthu mwavi, wosanza napulumuka, wosasanza nafa ndi dzina loipa. Ndipo pa mlandu wa imfa, nthawi zina dipo linali munthu wamoyo, mwana wosalakwa woperekedwa ku banja lofedwa kuti akatseke malo a womwalirayo. Tisayese kuti mdima umenewu unali wathu wokha: Angelezi nawo ankanyamulitsa woganiziridwa chitsulo chamoto, ansembe ali pomwepo, kufikira msonkhano wa mpingo wa ku Rome unaletsa ansembewo mu 1215. Kwathu lamulo loletsa mwavi ndi kuloza munthu chala cha ufiti linadza mu 1911, chaka chomwe tchalitchi cha pa Chipyela chinapatulidwa. Ndipo aliyense womva za nkhalamba zimene zikuponyedwabe miyala m'midzi ya dziko lino adziwa kuti lamulolo silinakalambe.

Pa za chilango cha imfa, nyanja yomweyi yalekanitsa miyambo iwiri. Mapiri amene timawaona kum'mawa, kumene abale athu a ku Cobue amachokera ndi nkhuni, ali m'dziko la Mozambique, limene linathetsa chilangochi mu 1990. Apwitikizi kwawo anali atachithetsa kale pa milandu ya anthu wamba mu 1867, ndipo Angelezi amene anatibweretsera chingwe anachileka pa mlandu wakupha mu 1965. Ife tikali nacho m'buku, ngakhale palibe amene wanyongedwa chiyambire 1992, ndipo pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007 Khoti Lalikulu linagamula kuti woweruza asamakakamizidwe kupereka imfa kwa wakupha aliyense asanamve za moyo wake ndi mmene zinthu zinayendera.

Kunena kwa ine, ndipo nditero mowapepesa akuluakulu, pali milandu imene siyenera kuthera pansi pa mlambe: imfa, kugwirira mkazi, kuipitsa mwana, nkhanza za m'nyumba zimene mayi amabisa ndi chitenje, ndi kuzunza okalamba, pakuti pamenepo wolakwa kawirikawiri ndi mwini chuma kapena mbale wa oweruzawo, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma ndewu ya anthu ofanana mphamvu, okokera chingwe chimodzi, pachilumba chimene munthu angachidutse wapansi dzuwa lisanapendeke, kumene womenya ndi womenyedwa adzakumana ndithu pamaliro, pamgonero ndi podikira sitima ya Ilala, ndende yokha siikwanira.

Mnyamata wa nkhafi uja anapita kukhoti, nakhala miyezi yake kutsidya, nabwera wowonda. Mwa lamulo mlandu unali utatha. Koma pa Loweruka lotsatira ndinaona mtsibweni wake akutsika njira ya pakati pa chinangwa, mbuzi yaikazi ili pachingwe, mphwakeyo ali pambuyo mutu uli pansi, nakagwada pabwalo la wovulala uja. Mayi a mwini dzino anaiyang'ana mbuziyo kwa nthawi, naigwira m'nthiti, nati: "Imangeni pamtengo wa mango apo, malume, mulowe mumwe madzi."