Nkhandwe ya mu Minecraft imazolowera munthu tsiku limodzi, ya ku Siberia inatenga mibadwo

Mu gemu ya Minecraft muli kanyama kofiirira, ka mchira waubweya wambiri, komwe kamathawa mukangokayandikira. Pa Chingerezi amati fox. Kuti kakhale kanu, mumapeza tiwiri takutikulu, n'kutipatsa zipatso zotchedwa sweet berries kuti tibereke. Makolowo amapitirizabe kukuthawani, koma kamwana kobadwako kamakukhulupirirani, mpaka kumaluma adani amene akukuvutitsani. Zonsezi n'zopeka, inde. Koma ine ndimaona kuti amene anakonza lamuloli anagunda pa mfundo yeniyeni ya sayansi, kungoti anaithamangitsa kwambiri.

Tiyambe tagwirizana za dzina. Kuno kwathu tikati nkhandwe, nthawi zambiri timanena ija Azungu amati jackal. Fox ndi msuweni wake wa m'banja la agalu, ndipo yofiira ija imapezeka kwambiri ku Ulaya, ku Asia ndi ku North America. Ndiziitchula nkhandwe basi, poti ndilo dzina lomwe tili nalo.

Mu 1959, wasayansi wa ku Russia dzina lake Dmitry Belyaev anayamba kafukufuku ku Novosibirsk, m'chigawo chozizira cha Siberia. Funso lake linali lakuti: galu anachokera ku mmbulu, nanga zinatheka bwanji kuti chilombo chisanduke mlonda wa pakhomo? Iye ankaganiza kuti chinthu chimodzi chokha ndicho chinayambitsa zonse, kusaopa munthu. Sinali nthawi yabwino yofunsa mafunso otere. Mkulu wake, Nikolai, yemwenso anali katswiri wa genetics, anaphedwa ndi boma la Stalin mu 1937, ndipo mu 1948 boma linaletsa genetics ya Mendel, yomweyi mukuphunzira mu Biology.

Belyaev ndi wothandizana naye, Lyudmila Trut, anayamba ndi nkhandwe zazimuna 30 ndi zazikazi 100 zochokera m'mafamu oweta nkhandwe chifukwa cha ubweya. Njira yawo mukuidziwa kale, ngati munaonapo agogo akusankha chimanga cha mbewu: sangotola chilichonse, amapatula zitsononkho zabwino zokha. Kamwana ka nkhandwe kakakwana mwezi umodzi, munthu ankakapatsa chakudya pamanja uku akuyesa kukasisita. Ankabwereza zimenezi mwezi ndi mwezi. Zoluma ndi zothawira pakona sankazilola kubereka. Zofatsa kwambiri zokha, zochepa ndithu pa gulu lonse, ndizo zinkakhala makolo a mbadwo wotsatira.

Apa mumvetsetse bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Nkhandwezi sankaziphunzitsa, sankazinyamula ngati makanda, sankagona nazo m'nyumba. Zinkakhala m'makola. Ngati kufatsa kunkawonjezeka, ndiye kuti kunkayenda m'ma gene kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana.

Nkhandwe imabereka kamodzi pa chaka, choncho mbadwo uliwonse unkatenga chaka chathunthu. Pa mbadwo wachinayi, tiana tina tinayamba kugwedeza mchira tikaona munthu. Pa wachisanu ndi chimodzi panaoneka zingapo zomwe zinkalira mofuna kugwidwa ndi kunyambita manja ngati galu. Malinga ndi zomwe Trut analemba mu 1999, zoterezi zinali 18 pa 100 alionse pa mbadwo wa 10, kenako 35 pa 100 pa mbadwo wa 20. Belyaev anamwalira mu 1985, Trut n'kupitiriza ntchitoyo.

Chodabwitsa n'chakuti thupi nalo linayamba kusintha, chonsecho palibe amene ankasankha maonekedwe. Zina zinabadwa ndi banga loyera pamphumi, zina makutu ogwa, zina mchira wopindika. Taganizirani agalu, mbuzi ndi nkhumba za kumudzi: mawanga oyera ndi makutu olendewera sizosowa, eti? M'magazi a nkhandwe zofatsazi munapezekanso kuti mahomoni a mantha anali ochepa. Kamwana ka nkhandwe wamba kamayamba kuopa zachilendo pa masabata pafupifupi 6, pomwe ka zofatsazi mantha amachedwa kubwera, motero kamakhala ndi nthawi yaitali yozolowera anthu. Mu 2014 asayansi ena anapereka ganizo lakuti zonsezi zimachokera ku gulu limodzi la maselo a mwana wosabadwa, lotchedwa neural crest, lomwe limathandiza kupanga maselo a mtundu wa khungu, chichereŵechereŵe cha kumaso ndi mbali ina ya tiziwalo totulutsa mahomoni a mantha. Ndi ganizo lokoma, koma asayansi akukanganabe.

Ndipo mkangano wake si wamasewera. Mu 2019, Kathryn Lord ndi anzake anakumbutsa dziko kuti nkhandwe za Belyaev sizinachokere kutchire. Makolo ake anali ataŵetedwa kale m'mafamu a ku Prince Edward Island, ku Canada, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo zina zinali kale ndi mawanga oyera. Kwa ine, izi zikuchepetsa kukula kwa chozizwitsacho, koma sizikufafaniza mfundo yakuti khalidwe lingasinthidwe posankha makolo.

Ndiye Minecraft inalondola pati? Inalondola poika kusintha pa mwana, osati pa kholo. Mutatola kamwana ka jackal kutchire n'kumakapatsa mkaka, mwina kangakuzolowereni inuyo, koma ana ake adzabadwa amantha ngati agogo awo, ndipo nyama zimenezi zimatha kufalitsa chiwewe. Pomwe gemuyi inanama ndi pa liwiro: mbadwo umodzi m'malo mwa makumi.

Palinso china chimene foni singakuonetseni. Ngakhale nkhandwe zofatsa za ku Novosibirsk zimakumbabe maenje, zimatafuna katundu, ndipo zimakodzera zinthu posonyeza kuti ndi zawo. Mkodzo wake ndi wa fungo lamphamvu kwambiri moti ena mwa anthu ochepa amene anazigula kuti aziŵete anamaliza n'kuzimangira khola panja.