Ulendo wa ku Ntchito: Maola Amene Salembedwa m'Kaundula

Maofesi a Boma amatsegulidwa nthawi ya 7:30 m'mawa, ndipo m'sukulu zambiri belu loyamba limalira nthawi yomweyo kapena isanakwane. M'kaundula wa antchito mumalembedwa nthawi imene munthu wafika ndi imene waweruka, koma mulibe danga lolembamo nthawi imene iye anatseka chitseko cha nyumba yake. Aliyense amene anaimapo mbandakucha pa mseu wochokera ku Bangwe kupita ku Limbe, kapena wochokera ku Chinsapo kulowa m'tauni ya Lilongwe, adziwa kuti kwa anthu ambiri ntchito imayamba kukali mdima. Amuna ndi akazi amandandalika m'mphepete mwa tala, ena jekete lili paphewa, ena nsapato za ku ofesi zili m'thumba kuopa fumbi. Kodi ulendo umenewu unatalika bwanji, nanga amaulipira ndani?

MUYESO WA OLA LIMODZI

M'chaka cha 1994 katswiri wa ku Italy, Cesare Marchetti, anafalitsa maganizo amene ofufuza za mizinda amawatchulabe kufikira lero. Iye anaona kuti kuyambira kale anthu a mitundu yosiyanasiyana amalola kutaya pafupifupi ola limodzi pa tsiku ali paulendo, ndiye kuti theka la ola popita ndi theka lina pobwerera. Munthu wapansi amayenda makilomita asanu pa ola. Chifukwa chake mizinda yamakedzana, imene anthu ake onse anali oyenda pansi, sinkapitirira kwambiri makilomita asanu kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Mzinda unayamba kutambasuka pokhapokha pamene kunabwera sitima, basi ndi galimoto, zimene zimatha mtunda wautali m'theka la ola lomwe lija.

Muyeso umenewu ukaikidwa pa mizinda ikuluikulu ya Malawi, gwero la vuto limaoneka msanga. Mizindayi inatambasuka monga ya anthu okwera, chikhalirecho ambiri okhalamo ndi oyenda pansi.

MIZINDA IWIRI YOLUMIKIZIDWA

Blantyre inayamba ngati malo a mishoni ya Aszikoti m'chaka cha 1876. Limbe inakula pambuyo pake chifukwa cha njanji imene inafika m'derali m'chaka cha 1908, pamodzi ndi malonda a fodya. Matauni awiriwa, amene atalikirana pafupifupi makilomita 8, anaphatikizidwa kukhala amodzi m'chaka cha 1956. Kuyambira pachiyambi, tsono, mzindawu unali ndi mitu iwiri, ndipo ntchito zinagawikana pakati pa Blantyre, Limbe ndi dera la mafakitale ndi maofesi limene lili pakati pawo.

M'nthawi ya Atsamunda m'kati mwa tauni munali mwa Azungu ndi Amwenye. Wantchito wachikuda ankafunika masana okha. Dzuwa likapendeka ankayenera kubwerera ku midzi ya kunja kwa malire. Makalaliki, ophika, amtengatenga ndi alonda ankayenda pansi mamailosi angapo tsiku ndi tsiku, ndipo amene anagula njinga yakapalasa ankayesedwa munthu wolemera. Ndirande inadzaza anthu chifukwa chimodzi chachikulu: ili kufupi ndi ntchito. Munthu wa ku Ndirande angathe kutsikira ku mafakitale a ku Makata ndi mapazi ake, osalipira kanthu. Kuthithikana kwa nyumba kumene kulipo lero ndi mtengo umene anthu analola kulipira pofuna kufupikitsa ulendo.

Pa kalembera wa 1966 mu Blantyre munapezeka anthu oposa pang'ono 100,000. Pa kalembera wa 2018 munali anthu 800,264. Malo oyandikira ntchito anatha kalekale, ndipo obwera m'mbuyo anakamanga ku Machinjiri, ku Chileka, ku Lunzu ndi ku Mpemba.

LIKULU LA MITUNDA

Mbiri ya Lilongwe ndi ina, pakuti mtunda wake sunangochitika mwangozi koma unajambulidwa papepala. Boma litatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa m'chaka cha 1968, ndipo Lilongwe inakhala likulu m'chaka cha 1975. Okonza mapulani anafuna mzinda wa mpweya wabwino, wa mitengo ndi madanga aakulu pakati pa dera ndi dera. Anaugawa zigawo zinayi zotsatizana kulowera kumpoto: Old Town ya malonda, Capital Hill ya maofesi a Boma, Kanengo ya mafakitale ndi Lumbadzi kufupi ndi bwalo la ndege. Cholinga chinali chabwino ndithu: chigawo chilichonse chikhale ndi ntchito zake ndi nyumba zake, kuti munthu asayende kutali.

Koma anthu anachuluka kuposa mmene pepala linayembekezera. M'chaka cha 1966 Lilongwe inali ndi anthu osakwana 20,000. Pofika 2018 inali ndi anthu 989,318, kuposa Blantyre. Nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe limene linayamba m'chaka cha 1964, sizinakwanire ngakhale antchito a Boma okha. Mapuloti otsika mtengo anali kumalekezero a mzinda, ndipo amene anasowa puloti anakamanga ku Chinsapo, ku Mtandire, ku Mgona ndi ku Area 36. Lero munthu amapeza nyumba kumene thumba lake lafikira, ndi ntchito kumene yapezekera; ziwirizi sizifunsana. Wokhala ku Area 25 wogwira ntchito ku Old Town ali ndi makilomita oposa 10 popita pokha, ndipo wa ku Lumbadzi ali ndi oposa 20. Akuluakulu anati walira mvula walira matope: dziko linafuna likulu lotakasuka, ndipo mtunda unabwera nalo limodzi.

KUTHA KWA BASI YA NTHAWI

Mtunda pawokha si mlandu ngati chokwera chilipo chodalirika. Kale m'mizinda munkayenda mabasi aakulu a kampani imodzi, okhala ndi nthawi yake yonyamukira ndi mtengo wake wodziwika. Kampani ya United Transport Malawi inagulidwa ndi Stagecoach m'chaka cha 1989, pambuyo pake inasanduka Shire Bus Lines, ndipo iyi inatsekedwa m'chaka cha 2007. Malo a mabasi aja anatengedwa ndi maminibasi, ndipo kumene minibasi safika kuli akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto.

Maminibasi athandiza kwambiri, pakuti amafika m'madera amene basi yaikulu sinkafikako. Komabe minibasi siyendera wotchi; imanyamuka ikadzaza. Wokwera sangadziwe ngati adikira mphindi zisanu kapena makumi atatu, kotero wofuna kusachedwa amalawirira koposa mmene mtunda ufunira. Ku Lilongwe njira zambiri zimakathera ku depoti ya ku Old Town, motero ambiri opita ku Capital Hill kapena ku Kanengo amakwera kawiri ndi kulipira kawiri. Mtengo nawo umakwera madzulo ndi pa tsiku la mvula. Mafuta atasowa m'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo yokwerera inakwera msanga, pamene malipiro anatsalira m'mbuyo. Nchifukwa chake chapakati pa mwezi mzere wa oyenda pansi umatalika, ndipo mwa iwo mumaoneka ndi ovala mataye omwe.

MASAMU A NTHAWI YOTAYIKA

Mphunzitsi aliyense angathe kulemba samu iyi pa bolodi. Munthu amene amatha ola ndi theka popita ndi ola ndi theka pobwerera wataya maola 3 pa tsiku, maola 15 pa mlungu. Akagwira ntchito milungu 48, pa chaka wataya maola 720. Kugawa maola amenewa ndi 8, ndiye kuti masiku 90 a ntchito, pafupifupi miyezi inayi yathunthu imene munthu waipereka ku mseu popanda malipiro, popanda tchuthi.

Wotaya si wantchito yekha. Kalaliki wofika thukuta lili kamukamu amayamba wapuma asanatsegule faelo, ndipo nthawi yoweruka isanakwane mtima wake uli kale pa siteji. Wovutika ndi mayi wokalamba amene wabwera kudzatsata za penshoni. Ana a m'nyumba yotere amaona bambo wawo Loweruka ndi Lamlungu pokha, popeza amachoka iwo ali mtulo nabwera atagona. Madzi akatayika saoleka; ola la m'mawa limene lathera panjira silibwezedwa ndi changu cha masana.

Kumidzi vutoli lili ndi nkhope ina. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana asukulu chinalumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito. Nyumba zawo sizinamangidwe pa liwiro lomwelo. Mphunzitsi wosowa nyumba pasukulu amachita lendi pa malo amalonda oyandikira, nadalira njinga. M'dzinja mtsinje ukadzaza, phunziro loyamba limapita ana akungoyang'ana pakhomo.

CHOCHITA CHILIPO

Boma silinakhale manja lende. Mseu wa Masauko Chipembere wolumikiza Blantyre ndi Limbe ndi wotakasuka, galimoto zimayenda ziwiriziwiri mbali zonse, ndipo pa Area 18 ku Lilongwe, pamene galimoto zinkapanikizana pa raundabauti, misewu tsopano imadutsana pamwamba ndi pansi. Ntchito zimenezi nzoyamikika. Koma mseu wotakasuka umayamba wathandiza mwini galimoto. Woyenda pansi amapindula pokhapokha m'mbali mwake mukakhala njira yake, nyali ndi powolokera.

Zofunika kwenikweni nzitatu. Choyamba, mapuloti ndi nyumba zotsika mtengo zikhale kufupi ndi kumene kuli ntchito, ndipo sukulu yatsopano isayesedwe yatha ngati ilibe nyumba za aphunzitsi. Chachiwiri, pa njira zikuluzikulu pabwerere mabasi aakulu oyendera nthawi. Chachitatu, akuluakulu otumiza antchito kumalo atsopano azifunsa kumene munthuyo akagone, pakuti kalata yosamutsa imatchula ofesi yokha. Zonsezi zili m'manja mwa anthu amene amakhala m'makomiti a mapulani, a nyumba ndi a maphunziro, ndipo ambiri a iwo ndi antchito a Boma amene mawa lomwe adzadzuka tambala asanalire kachiwiri kuti 7:30 iwapeze pa desiki.