Mbale Yodzisankhira Wekha: Phunziro la Chakudya cha Masana ku Singapore

Nthawi ikakwana 12 koloko masana m'kati mwa mzinda wa Singapore, anthu ogwira ntchito m'maofesi ndi m'mabanki amatsika m'nyumba zosanja nalunjika kumisika ya zakudya zophikaphika monga Amoy Street, Maxwell ndi Lau Pa Sat. Msika uliwonse uli ndi timasitolo tambirimbiri pansi pa denga limodzi, ndipo matebulo ake ndi a aliyense. Munthu akapeza mpando amasiyapo kapaketi ka timapepala topukutira m'manja monga chizindikiro chakuti malowo ali ndi mwini, kenaka amakaima pamzere.

Mwa zakudya zogulitsidwa kumeneko chilipo chimodzi chimene tifuna kuti awerengi athu achilingalire bwino. Dzina lake ndi yong tau foo. Chakudyachi n'chosiyana ndi zinzake chifukwa wophika sakusankhirani kanthu. Mumatenga mbale ndi chopanira, musankha nokha ndiwo zimene mufuna, munena mtundu wa ma noodles ndi msuzi umene mukonda, ndipo wophika angowiritsa zimene mwamupatsazo. Motero thanzi la mbaleyo kapena kuipa kwake kuli m'manja mwa wodyayo. Anthu awiri angathe kugula pamalo amodzi, pamtengo wofanana, wina n'kudya chakudya chomanga thupi, mnzake n'kudya mchere ndi mafuta opyola muyeso.

Chiyambi cha chakudyachi

Yong tau foo ndi chakudya cha anthu a mtundu wa Hakka ochokera kummwera kwa dziko la China. Dzinalo litanthauza tofu woikamo zinthu m'kati. Tofu amapangidwa ndi soya: amanyika soya m'madzi, napera, nasefa kuti patuluke madzi oyera ngati mkaka, ndipo madziwo amawaumitsa kukhala zibenthu zofewa. A Hakka ankaboola zibenthuzo n'kuikamo nyama yopera. Atasamukira ku Malaysia ndi ku Singapore, ophika ambiri anayamba kuikamo nsomba yopera, ndiponso anayamba kuchita chimodzimodzi ndi tsabola wamkulu, mabiringanya, therere lobala ndi chipatso china chowawa chonga nkhaka.

Lero pamashelefu a wogulitsa mumapeza zonsezo pamodzi ndi bowa, tomato, mazira, mphukira za nyemba, timipira ta nsomba yopera, masoseji, zokazinga zosiyanasiyana ndi masamba otchedwa kangkong amene ali pachibale ndi kholowa. Ma noodles ndi chakudya cha ufa chokhala ngati tizingwe, chofanana ndi supageti. Alipo opyapyala oyera a ufa wa mpunga otchedwa bee hoon, alipo afulati a mpunga womwewo otchedwa kway teow, ndipo alipo achikasu a ufa wa tirigu. Msuzi wa masiku onse amauwiritsa ndi soya pamodzi ndi tinsomba touma tonga usipa.

Kuchoka mumsewu kulowa mumsika

Pamene dziko la Singapore linkaima palokha m'chaka cha 1965, zakudya zotere zinkagulitsidwa m'mphepete mwa misewu. Madzi aukhondo otsukira mbale anali osowa, nyansi zinkatayidwa m'ngalande, ndipo makoswe ndi ntchentche zinali ponseponse. Matenda a kolera ndi taifodi ankafala mosavuta. Boma silinathetse malondawo, pakuti anthu osauka ankadalira chakudya chotsika mtengocho, ndipo mabanja ambiri ankapezera pomwepo zofunika pamoyo. M'malo mwake, m'zaka za 1968 ndi 1969 linalemba m'kaundula ogulitsa onse, ndipo kuyambira 1971 mpaka 1986 linawamangira misika yokhala ndi mipopi ya madzi, magetsi, ngalande zabwino ndi motaya zinyalala. Misika yotere lero ilipo yoposa 100, ndipo mu December 2020 bungwe la UNESCO linavomereza kadyedwe kameneka kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Kuyambira mu September 2021 wodya aliyense ayenera kubweza yekha mbale zake pamalo oikika, kuti zotsala zisaitane mbalame, mphemvu ndi makoswe.

Tsono matenda ofala chifukwa cha uve atachepa, panatulukira mdani wina amene saoneka ndi maso.

Mdani wobisala mumsuzi

Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku. Umenewu ndi mchere wosadzaza n'komwe kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo muyesowu uphatikiza mchere wonse: wothira pophika, wothira patebulo ndi wobisika m'zakudya zogula. Kafukufuku wa kadyedwe amene boma la Singapore linachita mu 2022 anaonetsa kuti anthu asanu ndi anayi mwa khumi alionse amapyola muyesowu, ndipo munthu mmodzi amadya pafupifupi magalamu 9 patsiku. M'zaka zomwezo kunapezeka kuti anthu akuluakulu oposa mmodzi mwa atatu alionse ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, pamene mu 2010 anali mmodzi mwa asanu.

Kodi mchere umavulaza bwanji? Mchere ukachuluka m'thupi umasunga madzi. Madziwo amachulukitsa magazi oyenda m'mitsempha, ndipo mtima umakakamizika kupopa mwamphamvu, monga mmene paipi imavutikira madzi akachuluka kuposa kukula kwake. Zimenezi zikapitirira kwa zaka, mitsempha imauma, mtima umatopa, impso zimaonongeka, ndipo mtsempha wa mu ubongo ungathe kutsekeka kapena kuphulika, munthu n'kufa ziwalo. Choopsa kwambiri n'chakuti anthu ambiri odwala matendawa samva kupweteka kulikonse kufikira tsiku limene agwa.

M'mbale ya yong tau foo mchere umabisala malo anayi. Woyamba ndi msuzi, umene umawira tsiku lonse ndipo zonse zophikidwamo zimasiyamo mchere wake. Wachiwiri ndi zinthu zopangidwa kufakitale monga masoseji ndi timipira ta nsomba. Wachitatu ndi ma noodles achikasu, amene amathiridwa mchere powapanga. Wachinayi ndi sosi wotsekemera, sosi wa soya ndi tsabola wopera zimene anthu amathira pamwamba. Munthu amene wasankha zonsezi, namwa msuzi mpaka kuona pansi pa mbale, angathe kumaliza pachakudya chimodzi mchere woyenera tsiku lathunthu.

Mmene wanzeru amadzazira mbale yake

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pashelefu zimene zimakopa maso msanga ndi zokazinga zofiirira bwino, koma zimenezo n'zimene zamwa mafuta ambiri, ndipo ogulitsa ena amazikazinganso kachiwiri asanakupatseni. Wofuna kusamala thupi lake ayambe ndi masamba. Theka la zimene wasankha likhale ndiwo zamasamba, bowa, tomato ndi therere. Bungwe lija limalangiza kudya magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso patsiku, ndipo zakudya zimenezi zili ndi mchere wina wa m'chilengedwe wotchedwa potaziyamu umene umathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi.

Pambuyo pa masamba asankhe zomanga thupi: tofu woyera wosakazinga, dzira, kapena masamba oikamo nsomba. Chokazinga, ngati mtima wachilakalaka, chikhale chimodzi chokha. Pa zopatsa mphamvu, ma noodles a mpunga ali ndi mchere wochepa kuposa achikasu, ndipo ogulitsa ena ali nawo a mpunga wosapuntha kwambiri umene uli ndi gaga wothandiza m'mimba. Odwala matenda a shuga apemphe kuti awachepetsere ma noodles, nawonjezere masamba.

Msuzi nawo uli ndi mitundu. Woyera uja uli ndi mafuta ochepa. Wina wotchedwa laksa amauphika ndi mkaka wa kokonati, ndipo ngakhale uli wokoma zedi, uli ndi mafuta ambiri a mtundu umene umatseka mitsempha ukamadyedwa kawirikawiri. Umenewo ukhale wa apo ndi apo. Ngakhale msuzi woyerawo, ndi bwino kuvuula ndiwo ndi ma noodles, kulawa msuzi pang'ono, wotsalawo n'kuusiya. Sosi apemphe kuti amuikire m'kambale kapadera kuti azisunsa pang'ono yekha. Chakumwa chikhale madzi kapena tiyi wopanda shuga.

Ukhondo pamalo osankha wekha

Pamalo pamene anthu mazanamazana amagwira chopanira chimodzi ndi kuweramira pazakudya zosaphika, ukhondo uyenera kusamalidwa koposa. Singapore ndi dziko lotentha chaka chonse, ndipo pakutentha kotere tizilombo tina toyambitsa matenda timachulukana kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Nsomba yopera, tofu ndi mazira ndi zakudya zimene tizilomboti timakonda.

Anthu a m'dzikolo sanaiwale zimene zinachitika mu April 2009 pamsika wongoyembekezera wa ku Geylang Serai. Anthu oposa 150 anadwala m'mimba atadya chakudya china chosankha wekha chotchedwa rojak, ndipo awiri anamwalira. Ofufuza anapeza kuti tizilombo topezeka m'zamoyo za m'nyanja zosaphika tinalowa m'chakudya chophika kale. Mu 2015 anthu enanso ambiri anadwala kwambiri atadya nsomba yaiwisi ya m'madzi opanda mchere, ena mpaka matenda anafika m'magazi ndi mu ubongo, kotero kuti kumapeto kwa chakacho boma linaletsa kugulitsa nsomba zotere kuti zidyedwe zosaphika.

Chimene chimateteza wodya yong tau foo ndi moto. Chakudya chikatentha mpaka m'kati kufika madigiri 70, tizilombo tambiri timafa. Choncho yang'anani ngati msuzi ukuwiradi, ndipo mbale yanu ifike ikufuka nthunzi. Nsomba kapena nyama ya m'kati mwa tofu ikakhala yozizira kapena yosapsa, ibwezeni. Yang'ananinso ngati zosaphika zili pamalo ozizira ndi ovindikira, ngati wolandira ndalama sakugwira chakudya ndi manja omwewo, ndiponso ngati wophika sakubwezera zakupsa m'mbale imene munali zaziwisi. Inunso sambani m'manja ndi sopo musanasankhe ndiponso musanadye, ndipo musagwire chakudya cha pashelefu ndi zala. Mukatenga chakudya kupita nacho kuofesi, chidyeni pasanathe maola awiri, pakuti pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pamene tizilombo timaswana.

Alipo anthu amene thupi lawo limadana ndi soya, tirigu, nsomba kapena nkhanu. Otere adziwe kuti zonse zimawiritsidwa mumphika umodzi, ndipo afunse wogulitsa asanagule. Safunsa anadya phula.

Phunziro kwa ife

Ambiri mwa awerengi athu mwina sadzapondako ku Singapore, koma nkhani ya mchere si yachilendo kwathu kuno. Kafukufuku wa m'Malawi wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka zapakati pa 25 ndi 64 anali ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa. Ma noodles a m'mapaketi, amene anayamba kupangidwa ku Japan mu 1958, afika kale m'magolosale athu ndipo ana asukulu ndi antchito a m'tauni amawakonda chifukwa sachedwa kupsa. Mchere wake wambiri uli m'kapaketi ka zokometsera kaja. Thiraniko theka lokha, muonjezere mpiru, bonongwe, tomato ndi dzira kapena usipa, ndipo musamwe msuzi wonse. Chakudya chimenechi chisalowe m'malo mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa.

Ndiponso aliyense amene amadya masana kumsika kapena kulesitilanti amasankha ndithu, ngakhale alibe chopanira m'manja. Amasankha pakati pa tchipisi ndi nsima ya nyemba ndi masamba, pakati pa chakumwa chotsekemera ndi madzi, pakati pa kuthira mchere asanalawe ndi kuusiya patebulo. Lilime limazolowera: munthu akachepetsa mchere pang'onopang'ono, pakapita masabata angapo chakudya chimayamba kumukomera monga kale. Mchere wochepa umene tigwiritsa ntchitowo ukhale wa ayodini, kuti tipewenso chithokomiro.

Pomaliza tipempha abambo ndi amayi onse, makamaka amene apyola zaka 40 ndi amene kubanja kwawo kuli matendawa, kuti apite kuchipatala chimene ali nacho pafupi akayezetse kuthamanga kwa magazi. Kuyezako sikupweteka ndipo kumatenga mphindi zochepa. Amene anapatsidwa kale mankhwala apitirize kumwa monga anawalangizira adokotala, ngakhale akumva bwino m'thupi.