Mwana wa Down: kunenepa si chizindikiro cha thanzi

METANGULA. M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Meluluca mpaka ku Cóbuè, mwana wonenepa ndi ulemu wa banja. Anthu a m'boma la Lago alimbana ndi kunyentchera kwa ana zaka zambiri, choncho mayi akaona masaya a mwana wake atadzaza, mtima umakhala pansi. Koma alipo ana ena amene kunenepa kumawaika pangozi. Awa ndi ana obadwa ndi chimene anamwino pa Chipwitikizi amachitcha síndrome de Down.

Dzinali linachokera kwa dokotala wa ku England, John Langdon Down, amene anafotokoza za ana otere mu 1866. Mu 1959 akatswiri a ku France anapeza gwero lake: m'maselo a thupi la mwanayo muli tinthu totchedwa makromozomu 47 m'malo mwa 46. Si ufiti ayi, ndipo mayi sanalakwe mwambo uliwonse. Padziko lonse, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 1,000 amabadwa chotero.

Ali wakhanda, mwana wotere amavutika kuyamwa ndipo sikelo yake imakwera pang'onopang'ono. Apa m'pamene makolo amazolowera kumukakamiza kudya. Akasinkhuka, zinthu zimatembenuka. Minofu yake ndi yofewa, amachedwa kuyenda, msinkhu wake ndi waufupi, ndipo thupi lake silitha msanga mphamvu ya chakudya. Mbamu ya kondowole imene m'bale wake amaithera m'masewera, kwa iye imasanduka mafuta. Ena chithokomiro chawo chimagwira ntchito mofooka, ndipo zimenezi zimawanenepetsa ngakhale asadye kwambiri.

Chifundo nachonso chimawonjezera vuto. Agogo amupatsa mandasi, amalume pochokera kumsika amugulira bisiketi ndi chakumwa chotsekemera, anansi amuitanira nsima yachiwiri. Ena amamutsekera m'nyumba poopa kusekedwa, mwana n'kumangokhala pamphasa tsiku lonse.

Mapeto ake ndi owawa. Pafupifupi theka la ana amenewa amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo thupi lolemera limautopetsa. Kunenepa kumabweretsanso kubanika kutulo, kupweteka kwa mawondo ndi matenda a shuga.

Mankhwala oyamba ali pakhomo pomwe. Mwana asamanidwe chakudya, koma akhale ndi mbale yakeyake kuti mayi aone zimene wadya. Nsima ichepe, ndiwo zichuluke: usipa, utaka, nyemba, chigwada ndi nkhwani. Nsomba yophika kapena yootcha iposa yokazinga m'mafuta. Akamva ludzu amwe madzi, akafuna chotsekemera adye papaya kapena bango. Banja lonse ligwirizane, chifukwa zimene mayi wakana agogo akazipereka kuseri, ntchito yonse yawonongeka.

Mwanayo aziyenda. Aperekeze amake kudimba, athandize kuyanika usipa pathandala, avine ndi kusewera mpira ndi anzake. Akamapuma movutikira kapena milomo ikamasintha mtundu, apite naye kuchipatala msanga.

Khadi la sikelo lisatayidwe mwana akakwanitsa zaka 5. Makolo apitirize kukamuyezetsa kuchipatala cha Metangula, ndipo afunse anamwino ngati n'kofunika kuwatumiza ku chipatala chachikulu cha Lichinga kuti akamupime mtima ndi chithokomiro. Mwana wosamalidwa chotere angathe kufika zaka 60, akuyenda ndi miyendo yake.