Ndalama Yosagwirika, Msonkho ndi Chifundo

Amayi anzanga, pamsonkhano wa banki m'khonde yathu pano pa Njuli panabuka mtsutso. Mayi wina, atalangizidwa ndi mwana wake wa ku Johannesburg, anapempha kuti thumba lathu lothandizira pamavuto tizilisunga mu Bitcoin, ndalama ya pa intaneti imene inayamba mu 2009. Iye anati kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene Bitcoin sidziŵa msonkho, motero zopatsa osauka zidzachuluka.

Ine ndinakana. Mu 2019 Reserve Bank of Malawi inalengeza kuti ndalama zotere si zovomerezeka polipirira m'dziko muno. Mtengo wake umakwera m'maŵa n'kugwa madzulo, koma maliro sadikira kuti ukwerenso.

Kunena za msonkho, tikumbukire namondwe Freddy mu Marichi 2023. Anthu achifundo anabweretsa ufa ndi mabulangete kuno ku Chiradzulu, Mulungu aŵadalitse. Komatu wachifundo amapereka akafuna, n'kuleka akatopa, pamene mzamba wa kuchipatala cha boma amalipidwa ndi msonkho mwezi ndi mwezi.

Tinagwirizana kuti theka la thumba tigulire chimanga chosunga, theka likhale m'makwacha. Mphatso tizipereka, msonkho tizilipira, ndipo tizifunsa kumene wapita.